Nyengo Yozizira Yopanda Alendo ku Hewe

Woyang'ana pa mapu angaganize kuti Hewe ndi dera lomwe bizinesi yokopa alendo singalephere. Kum'mawa kwake kuli phiri la Nyika, komwe kuli paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, ya masikweya kilomita oposa 3,000. Kummwera kuli nkhalango ya Vwaza, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,000, pamodzi ndi nyanja yake ya Kazuni. Kumadzulo kuli chipata cha Katumbi cholowera ku Zambia. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mvula imakhala italeka, matope atauma, fodya atapita ku okushoni, ndipo chakumapeto kwa Julayi sukulu zimatsekera. Imeneyi ndiyo nyengo yoti anthu ogwirizana asonkherane ya mafuta, akwere kumapiri kukaotha moto masiku angapo, kenako atsikire ku Livingstonia ndi ku Chitimba kukaona nyanja yaikulu. Zaka makumi awiri zapitazo ulendo wotere unali wodziwika pakati pa ogwira ntchito m'mizinda ndi alendo ochokera kunja. Lero watsalira anthu ochepa, ndipo ochepawo amakhotera ku chipata cha Thazima cholowera ku Nyika asanafike n'komwe ku Hewe.

Chimene chimakopa anthu sichinachoke. Chelinda, pomwe pali malo ogona alendo pamwamba pa Nyika, ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mame amaundana pa udzu usiku, zomwe Amalawi ambiri sanazionepo. Pali kanyanja kachilengedwe ka Kaulime, komwe anthu akale ankakalemekeza ngati malo a mizimu, ndiponso madamu atatu pafupi ndi Chelinda omwe anaikamo nsomba za trout. Pali mbidzi, ntchefu, chilembwe, mphoyo ndi akambuku, mitundu ya mbalame yoposa 400, ndi mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200, ngakhale maluwawa amaonekera nthawi ya dzinja. Nyika ndi Vwaza zimathandizana m'njira yosowa. Kukazizira kwambiri pamwamba pa Nyika, ntchefu ndi mbidzi zambiri zimatsikira m'nkhalango za m'munsi, pomwe ku Vwaza nthawi yomweyo madzi akamaphwa m'madambo, njovu ndi njati zimayamba kusonkhana pa Kazuni pamene mvuu zimakhala chaka chonse. Mlendo wa sabata imodzi angaone zonse ziwiri, ndipo msewu wozilumikiza umadutsa m'midzi ya Bolero ndi Mwazisi.

Kutsika kwa ntchitoyi kumaoneka bwino poyang'ana mmene malo ogona a pa Chelinda asinthira manja. Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo anaikulitsa mu 1978. Kwa zaka zambiri kampani ya Nyika Safari Company ndiyo inkalandira alendo, ndipo chimene chinkatchuka kunja chinali kuyendera nyama pa akavalo. Kampaniyi inachoka mu 2007, akavalo anapita nayo, ndipo loji inakhala yotseka kufikira pamene Wilderness Safaris inaitsegulanso cha mu 2010. Patangopita zaka zochepa Wilderness inasiya ntchito zake za m'Malawi m'manja mwa Central African Wilderness Safaris. Kenako kunabwera Covid-19: mabwalo a ndege anatsekedwa pa 1 Epulo 2020 n'kutsegulidwa mu Seputembala, kutanthauza kuti nyengo yozizira yonse ya chaka chimenecho inapita popanda mlendo wa pandege. M'bizinesi imeneyi kutseka kwa chaka chimodzi kumapweteka zaka zingapo, chifukwa makampani akunja okonza maulendo amagulitsa malo kudakali miyezi yambiri, ndipo malo akachotsedwa pa ndandanda yawo sabwerera msanga.

Kuyerekeza ndi kummwera ndiko kumaonetsa kukula kwa mpata. Bungwe la African Parks linatenga Majete mu 2003, nkhalangoyo itatsala pang'ono kutheratu nyama. Chaka chomwecho anabwezeretsamo zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango, mu 2018 akadyansonga. Mu 2015 bungwe lomwelo linatenga Liwonde ndi Nkhotakota. Pa njovu 520 zomwe zinasamutsidwa mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, 34 zokha ndizo zinapita ku Nyika. Zina zonse zinatsitsidwa ku Nkhotakota. Mgwirizano wofanana nawo wa Nyika ndi Vwaza, pakati pa boma ndi Peace Parks Foundation, unasainidwa mu 2023. Pakati pa 2003 ndi 2023 pali zaka 20, ndipo m'zaka zimenezo munthu wa ku Blantyre wofuna kuona nyama anazolowera kuyenda maola awiri okha kupita ku Chikwawa, pomwe wa ku Lilongwe anazolowera Liwonde kapena kuoloka malire pa Mchinji kupita ku South Luangwa. Alendowo anapita kwina n'kuzolowera komweko.

Choyamba mwa zifukwa ndi msewu. Kuchokera pa Rumphi boma kukafika pa Chelinda ndi makilomita oposa 100, ndipo ambiri mwa iwo ndi a fumbi, miyala ndi mabampu. Galimoto yolimba imatenga maola atatu kapena anayi. Yaing'ono ya m'tauni nthawi zambiri mwini wake safuna n'kuyesa komwe. Msewu wa Rumphi–Nyika–Chitipa wakhala ukulonjezedwa ndi maboma osiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndipo phula lomwe laikidwa ndi la kachigawo kakang'ono koyambira ku Rumphi. Kwa mlimi wa ku Hewe msewu umenewu ndi womwewo wodutsa mabelo a fodya, feteleza ndi ambulansi yochokera kuchipatala cha Katowo, choncho dandaulo la mlendo ndi la mwini mudzi ndi limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo ali ndi ufulu wosankha kwina.

Chachiwiri ndi ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Mwezi womwewo dizilo anakwera kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Ulendo wochokera ku Lilongwe kukafika pa Chelinda ndi kubwerera umapitirira makilomita 1,000. Tikaika kuti galimoto yoyenera msewu umenewu imwa malita 130, mtengo wa dizilo yekha unachoka pa K250,000 kufika pa K355,000 m'sabata imodzi. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali K90,000 pamwezi, kotero mafuta okha a tchuthi chimodzi anali pafupifupi malipiro a miyezi inayi a wantchito wamba. Mitengo yakweranso chichokere apo. Komanso mtengo si vuto lokhalo. Kuyambira 2022 mafuta akhala akusowa kawirikawiri, ndipo wokwera Nyika amayenera kudzaza thanki pa Mzuzu kapena pa Rumphi. Palibe gulu la anthu anayi kapena asanu lomwe lingalipiretu malo ogona, omwe mitengo yake yambiri imawerengedwa m'madola, lisakudziwa ngati likapeza dizilo wobwererera. Ngakhale mbali ya kunyanja inalandira nkhonya yake: mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kupitirira mamita 476 n'kulowa m'maloji ambiri a m'mphepete.

Chachitatu sichitchulidwa kawirikawiri m'zotsatsa malonda. Vwaza ndi amodzi mwa malo ochepa padziko lonse komwe matenda a kaodzera a mtundu wa rhodesiense, ofalitsidwa ndi ntchentche za tsetse, akadali vuto lenileni. Mu 2018 odwala omwe analembedwa m'Malawi sanakwane 20. Mu 2019 anafika 91, mu 2020 anali 89, ndipo ambiri anachokera m'midzi yozungulira Vwaza n'kukagonekedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi. Mtundu umenewu umapha m'miyezi yochepa ngati wodwala sanalandire chithandizo, ndipo mankhwala akale a melarsoprol, okhala ndi arsenic, ankapha okha wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Pano pali kusintha: kafukufuku wa mapiritsi a fexinidazole anachitikira pa Rumphi pomwepo mothandizidwa ndi bungwe la DNDi, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linawavomereza pa mtundu wa rhodesiense. Komabe mbiri ya malo imachira mochedwa kuposa wodwala. Mlendo amene walumidwa ndi tsetse pa Kazuni amakafotokozera anzake, pamene mlimi wa ku Hewe, yemwe munda wake wagundana ndi malire a nkhalango, amalumidwa chaka chonse popanda womumva.

Palinso nkhani ya agalu, yomwe imalumikiza zonsezi, ndipo njofunika kuikhalira pansi. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mabanja oweta agalu a m'nyumba, obayitsa katemera ndi kudyetsa chakudya cha m'sitolo, akuchuluka, ndipo ena amafuna kupita nawo ku tchuthi monga amachitira anzawo ku Ulaya kapena ku South Africa. Ku Nyika ndi ku Vwaza zimenezi sizitheka: lamulo la malo osungirako nyama sililola ziweto kulowa. Ena amaona ngati ndi nkhanza za a gemu, koma chifukwa chake chili ndi umboni. Mu 1994 matenda a agalu otchedwa canine distemper anapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti m'dziko la Tanzania, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango yonse ya kumeneko, ndipo ofufuza analoza agalu a m'midzi yozungulira. Galu wa m'tauni naye sangapindule kanthu ku Vwaza, poti tizilombo tomwe tsetse amanyamula timaphanso agalu, ndipo pamwamba pa Nyika kambuku saona kusiyana pakati pa galu ndi gwape. Apa pali mpata womwe Hewe akadaugwiritsa ntchito. Derali lili kunja kwa malire a paki, lili ndi mapiri ndi mitsinje yakeyake, ndipo gulu lobwera ndi agalu likadatha kugona kumeneko, kuyenda m'mapiri ndi wolondolera wa m'mudzi, n'kumalowa m'paki masana agalu atatsala. Koma izi zimafuna malo ogona, msewu ndi chitsimikizo chakuti agalu a m'deralo ndi otemera, ndipo zitatu zonsezi n'zoperewera.

Galu amene amalowadi m'nkhalango ndi wina, wa mlenje. Pakhomo la kumudzi galu ndi mlonda wa usiku ndiponso wothamangitsa anyani m'munda wa chimanga, koma udzu ukauma, galu yemweyo ndi wa uzimba. Miyezi yozizira, yomwe ntchefu ndi mbidzi zimatsikira m'munsi, ndi yomweyo imene nyama zimayandikira midzi, ntchito ya kumunda itachepa. Njira yake njodziwika: kutentha tchire, kutchera misampha ya waya pamalo ophukira msipu, ndi kuthamangitsa nyama zing'onozing'ono monga njiri ndi agwape ndi agalu. Lamulo lomwe linakonzedwanso mu 2017 linakweza chilango kufika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa. Chilango chimawopseza, koma alonda ochepa sangazungulire malo oposa masikweya kilomita 4,000 wapansi. Akatswiri a zachilengedwe akhala akuona m'mapaki ambiri a mu Africa kuti komwe kumayenda alendo tsiku ndi tsiku kupha nyama mozemba kumachepa, chifukwa galimoto iliyonse yodutsa ndi maso owonjezera. Alendo akachepa, malo amene ankayendamo sakhala opanda munthu.

Katemera wa chiwewe ndi muyeso wina wa kusiyana kwa madera. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Kuti matendawa aleke kufala pamafunika kutemera agalu 70 mwa 100 alionse chaka ndi chaka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Ntchito ya mlingo umenewo yachitika makamaka kummwera. Kudera lakutali ngati Hewe, katemera amadalira alangizi a ziweto ochepa, njinga yamoto yokhala ndi mafuta, ndi furiji yogwira ntchito. Mwana akalumidwa, ulendo wokafuna jakisoni umadutsa msewu uja.

Ndiye pali mimbulu, agalu a m'tchire, omwe mu Africa yense atsala pafupifupi 6,600. Ku Nyika ndi ku Vwaza kulibe gulu lokhazikika; yooneka mwa apo ndi apo imakhala yodutsa kuchokera kuchigwa cha Luangwa. Mu Julayi 2021 mimbulu 14 inabweretsedwa m'Malawi kuchokera ku South Africa ndi ku Mozambique, ndipo inagawidwa pakati pa Liwonde ndi Majete. Kumpoto sikunalandire ngakhale umodzi, ndipo n'zomveka: mimbulu imafa msanga ndi misampha, chiwewe ndi distemper. Ngakhale ku Liwonde, komwe kuli mpanda ndi alonda ambiri, gulu lonse la mimbulu 18 linafa ndi poizoni mu Novembala 2022. Ngati malo otetezedwa chotero analephera kuisunga, mtunda umene Vwaza ikuyenera kuyenda isanaganiziridwe n'komwe ndi wautali.

Mtengo wa kutsika kumeneku sugwera mlendo, yemwe amangosintha kopita. Umagwera anthu omwe anapereka malo. Pamene malire a Vwaza ndi Nyika ankakhazikitsidwa ndi kukulitsidwa m'zaka za m'ma 1970, midzi yambiri ya Atumbuka ndi Aphoka inasamutsidwa, kusiya minda, manda ndi malo opembedzera. Ena mwa mabanja amenewa ali m'dera la Mfumu Katumbi ndi la Chikulamayembe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mothandizidwa ndi dziko la Germany, boma linayesa kubweza kanthu: kulola anthu kupachika ming'oma ya njuchi m'paki, kumweta udzu wofolera, kuzula bowa, ndi kupereka gawo la ndalama za pachipata kudzera ku Nyika-Vwaza Association. Dongosolo limeneli ndi labwino papepala, koma lili ndi chofooka chimodzi choonekeratu. Gawo la ndalama limakula kapena kuchepa malinga ndi chiwerengero cha olowa pachipata, pomwe njovu yodya chimanga siwerenga alendo. Ndalama zikachepa n'kugawidwa ku midzi mazanamazana yozungulira mapaki awiri, chofika pa mudzi umodzi sichikwana kufolera chipinda cha sukulu. Mpanda wamagetsi womwe waikidwa m'mbali zina za Vwaza wachepetsa kuonongeka kwa mbewu komwe ukugwira ntchito, koma mpanda umafuna kukonzedwa mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama yake iyenera kuchokera kwinakwake.

Pali kutaya kwina kosalembedwa m'mabuku a boma. Mlendo amagula uchi, tomato, mazira ndi nkhuku. Loji imalemba ophika, ochapa, otema nkhuni ndi olondolera njira. Kwa dera lodalira fodya wa bale, yemwe ndalama yake imabwera kamodzi pachaka ndipo msika wake padziko ukuchepa, ntchito za miyezi ya Juni mpaka Okutobala zikadakhala mwendo wachiwiri woimirapo. Zikasowa, achinyamata amatsala ndi njira zodziwika: kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa ku Joni, kapena kukumba chinaka m'madambo a Nyika n'kukagulitsa kutsidya la malire, komwe chikanda chili ndi msika waukulu m'mizinda ya Zambia. Chinaka ndi mizu ya maluwa a orchid omwe aja amene paki imatchuka nawo, ndipo mzu ukakumbidwa chomera chatha.

Phirilo nalonso likusintha. Mitengo ya paini yomwe inabzalidwa pa Chelinda m'zaka za m'ma 1950, pa mahekitala oposa 500, yakhala ikudzifesa yokha m'udzu wozungulira. Chomera cha bracken, chomwe nyama sizidya ndipo chimaphuka mwamphamvu moto ukadutsa, chikulanda msipu. Moto wa alenje wobwera mochedwa, udzu utaumitsitsa, umadya m'mphepete mwa tinkhalango ta m'zigwa tomwe timasunga akasupe. Kutentha kwa dziko lonse la Malawi kunakwera ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006, ndipo usiku wozizira kwambiri unachepa. Izi sizikhudza okonda chisanu okha. Ku Nyika ndiko kumachokera North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi mitsinje ina yothira mu South Rukuru, komanso Wovwe yemwe amapukusa magetsi a mamegawati oposa anayi. Mtsinje wa Hewe nawo umatsika kuchokera kumapiri omwewo kukadyetsa dambo la Vwaza. Dimba la mlimi ndi nyanja ya mvuu zimamwa pa kasupe mmodzi.

Mgwirizano wa 2023 ndi chinthu chachikulu kwambiri chomwe chachitikira mapaki awiriwa m'mbadwo uno, ndipo waima pa pangano la Malawi ndi Zambia la 2015 losamalira limodzi nkhalango za m'malire. Ungathe kulemba alonda, kukonza misewu ya m'kati mwa paki, kubweretsa nyama ndi kukopa makampani a maloji. Za Majete zikuonetsa kuti zimenezi zimatheka, koma zikuonetsanso kuti zinatenga zaka pafupifupi khumi mikango isanafike, ndipo Majete ali pafupi ndi mzinda waukulu ndi msewu wa phula. Zomwe zikutsekereza mlendo wa ku Hewe zambiri zili kunja kwa mphamvu za oyang'anira paki: phula lili m'manja mwa Roads Authority ndi nduna ya zachuma, dizilo amadalira madola a ku Reserve Bank, tsetse ndi chiwewe ndi za maunduna a zaumoyo ndi zaulimi. Maofesi amenewa alibe bajeti imodzi, ndipo palibe mwa iwo yomwe imayesedwa ntchito yake poona chiwerengero cha galimoto zolowa pa Thazima mu Julayi.

Nthawi nayo ili ndi masamu ake. Mu 1977, malire amenewa akujambulidwa, Malawi yense anali ndi anthu 5.5 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 anapeza 17.6 miliyoni. Boma la Rumphi linali ndi anthu pafupifupi 128,000 mu 1998 ndi 229,000 mu 2018, ndipo gawo lalikulu la malo ake lili m'kati mwa paki ndi nkhalango momwe khasu sililoledwa. Mgwirizano wa Peace Parks udzatha mu 2043. Ngati anthu apitiriza kuchuluka pa liwiro la zaka 20 zimenezo, pofika chaka chimenecho Rumphi adzakhala ndi anthu oposa 450,000, olima m'zigwa zomwezo za Henga, Nkhamanga ndi Hewe.